Kagwiritsidwe Ntchito ka Diathermy pa Wodwala Amene Ali ndi Pacemaker kapena ICD

Munthu amene anaikidwa pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) kapena ICD (kachipangizo komenya mtima ndi magetsi ukathamanga moopsa) akhoza kuchitidwa opaleshoni ngati wina aliyense, ndipo diathermy, makina otentha mnofu ndi magetsi, ikhoza kugwiritsidwa ntchito podula mnofu ndi poletsa magazi, malinga ngati onse amene ali m'chipinda cha opaleshoni adziwiratu mtundu wa chipangizo chimene chili pansi pa khungu lake, adziwa ngati mtima wake ungagunde pawokha chipangizocho chitaleka kuuthandiza, ndiponso agwirizana njira imene magetsi adzadutse m'thupi. Kuno kwathu odwala otere alipo. Ena anaikidwa zipangizozi ku India kapena ku South Africa, anabwerera kumudzi ali bwinobwino, ndipo patapita zaka amafika pa chipatala cha m'boma lawo ndi phudzi, chithokomiro kapena fupa lothyoka. Amene amawalandira kawirikawiri ndi clinical officer wochita opaleshoni ndi mnzake wogonetsa odwala, pamalo pamene palibe katswiri wa mtima kapena makina a programmer osinthira kagwiridwe ntchito ka chipangizocho. Malangizo awa alembedwa poganizira anthu amenewo.

Chimene chimasokoneza chipangizo

Diathermy imene timagwiritsa ntchito lero inachokera ku makina amene William Bovie anapanga, amene Harvey Cushing anawagwiritsa ntchito koyamba pa opaleshoni ya m'mutu ku Boston mu 1926. Pacemaker yoyamba kuikidwa yonse m'thupi la munthu inabwera pambuyo pake, mu 1958 ku Sweden, ndipo ICD yoyamba inaikidwa mu 1980 pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore. Makina awa sanapangidwe poganizirana. Diathermy imatumiza m'thupi magetsi a mphamvu ya ma volt mazana kapena masauzande, osinthasintha mofulumira kwambiri, kawirikawiri pakati pa 300 ndi 500 kHz, kuti atenthe mnofu popanda kugwedeza minyewa monga amachitira magetsi a m'nyumba a 50 Hz. Pacemaker nayo imakhala ikumvetsera timagetsi ta mtima ta ma millivolt ochepa chabe. Munthu amene watchera khutu kuti amve kunong'ona sangamve kanthu pamene chigayo chayatsidwa pambali pake, ndipo zimenezi n'zimene zimachitikira chipangizocho dokotala akaponda diathermy.

Pacemaker inapangidwa kuti ikamva kuti mtima wagunda wokha, idikire. Ikalandira phokoso la diathermy imaliyesa kugunda kwa mtima, choncho imadikira, ndipo imapitiriza kudikira nthawi yonse imene diathermy ikulira. Kwa wodwala amene mtima wake umagunda pawokha nthawi zambiri, izi sizionekera n'komwe. Kwa amene amadalira pacemaker pa kugunda kulikonse, masekondi amenewo mtima umakhala chete ndipo magazi sayenda. ICD imalakwitsa mwa njira ina: ntchito yake ndi kuzindikira mtima ukayamba kuthamanga moopsa, ndiye phokoso la diathermy imaliyesa ventricular fibrillation, kumene ndi kunjenjemera kwa mtima osapopa magazi, n'kudzaza mphamvu, n'kumenya mtima wabwinobwino ndi magetsi a ma joule 30 kapena 40. Wodwala amadumpha patebulo mpeni uli m'mimba, ndipo kumenya kosafunikirako nthawi zina kumayambitsa vuto lenileni limene chipangizocho chinaikidwira.

Palinso mavuto ena amene sachitika kawirikawiri. Chipangizo chikhoza kutaya zonse zimene katswiri anachiuza n'kubwerera ku kagwiridwe ntchito kongodikirira thandizo. Magetsi akhoza kutsata waya mpaka kunsonga kwake n'kuwotcha pang'ono mnofu wa mtima, zimene zimachititsa kuti pacemaker ivutike kugunditsa mtimawo pambuyo pake. Ndipo zipangizo zimene zimaonjezera liwiro la mtima poyeza kapumidwe ka munthu zikhoza kuthamangitsa mtima popanda chifukwa. Kupsa kwa chipangizo chenichenicho n'kosowa masiku ano, pokhapokha nsonga ya diathermy itayandikira kwambiri kapena kuchikhudza.

Zonsezi zimakhudza makamaka diathermy ya monopolar, imene magetsi amachoka pa nsonga imene dokotala wagwira, n'kudutsa m'thupi, n'kukatulukira pa pleti imene yamatidwa pa khungu. Pa diathermy ya bipolar magetsi amangodutsa pakati pa milomo iwiri ya kapanira, mtunda wa mamilimita ochepa, ndiye chipangizo cha mtima sichimva kanthu pokhapokha kapanirayo atagwira ntchito pamwamba pake penipeni. Kachipangizo kamabatire kowotcha ndi waya wofiira, kamene kamagwiritsidwa ntchito pa timaopaleshoni ta pakhungu, sikatumiza magetsi m'thupi, ndipo mpeni wa ultrasonic nawonso sutumiza.

Zoyenera kudziwa tsiku la opaleshoni lisanafike

Yambani ndi kufunsa ndi kuona. Odwala ambiri sanena okha za chipangizocho chifukwa abwerera vuto lina, ndipo ena amangochitchula kuti batire ya mtima. Vulani wodwala pachifuwa, yang'anani chipsera chopingasa m'munsi mwa fupa la kolala, kawirikawiri kumanzere, ndipo papasani kabokosi kolimba pansi pa khungu. Pemphani khadi limene anapatsidwa pamene ankaikidwa chipangizocho, chifukwa limatchula kampani, mtundu ndi tsiku. Yang'ananinso m'buku lake la kuchipatala ndi m'makalata amene anabwera nawo kuchokera kunja. Ngati pali nambala ya foni ya chipatala chimene chinamuika, imbani. Kuimba kumodzi kungakuuzeni zimene mukanangoganizira.

Khadi likasowa, X-ray ya pachifuwa ndiyo imathandiza. Waya wa pacemaker amaoneka wopyapyala kuyambira pa kabokosi mpaka mumtima, pamene waya wa ICD amakhala ndi chigawo chimodzi kapena ziwiri zonenepa ndi zowala kwambiri, chimodzi m'chipinda cham'munsi chakumanja cha mtima, china nthawi zina mumtsempha waukulu wotsikira kumtima. Mukaona mawaya atatu, mmodzi wokhotera kumanzere kwa mtima, ndiye kuti ndi chipangizo cha CRT, chothandiza mbali ziwiri za mtima kugunda pamodzi, ndipo zimenezi zikukuuzaninso kuti mtima wa wodwalayo ndi wofooka, nkhani imene wogonetsa ayenera kuiganizira payokha. Pali mitundu ina iwiri imene ingakupusitseni. Pacemaker yopanda waya, monga Micra ya Medtronic, ndi kakang'ono ngati kapisozi wa mankhwala ndipo imakhala mkati mwa mtima, choncho pachifuwa palibe chipsera. ICD ya pansi pa khungu ya Boston Scientific imakhala m'nthiti kumanzere, m'munsi mwa khwapa, waya wake n'kukwera motsata fupa la pakati pa chifuwa osalowa mumtima.

Funso lachiwiri ndi lakuti wodwalayo amadalira chipangizocho motani. Amene anaikidwa chifukwa cha complete heart block (pamene timagetsi ta mtima sitifika ku zipinda zam'munsi), amene ankakomoka chifukwa mtima unkaima, komanso amene anawotchedwa dala AV node (podutsira timagetsi topita ku zipindazo), muwatenge ngati odalira. Jambulani ECG ya ma lead 12 ndi kapepala kotalikirapo: ngati kugunda kulikonse kwayamba ndi kamzere kakuthwa ka pacemaker, mutengeni wodwalayo ngati wodalira ngakhale mulibe umboni wina. Ngati pali kugunda kwambiri kwachibadwa pa liwiro labwino, mwina sadalira kwenikweni, komabe kumbukirani kuti mankhwala ogonetsa amachepetsa liwiro la mtima, ndipo munthu amene samadalira pacemaker ali m'wodi akhoza kuidalira ali patebulo.

Funso lachitatu ndi la nthawi. Malangizo amene mabungwe a Heart Rhythm Society ndi American Society of Anesthesiologists anatulutsa pamodzi mu 2011 amati pacemaker ikhale itayezedwa m'miyezi 12 yapitayo ndipo ICD m'miyezi 6 yapitayo. Kuyeza kumeneku ndi kumene kumaonetsa mphamvu imene yatsala m'batire ndi mmene mawaya alili. Chipangizo chimene batire yake ili pafupi kutha chimasokonezeka msanga ndipo sichiyankha monga mukuyembekezera mukaika maginito pamwamba pake kuti musinthe kagwiridwe kake ka ntchito. Funsaninso tsiku limene mawaya anaikidwa, popeza osakwana miyezi 3 amakhala asanagwire bwino mnofu ndipo akhoza kusuntha mukamalowetsa central line, kapaipi kolowa mumtsempha waukulu wopita kumtima. Yezani potassium, makamaka kwa amene akumwa mankhwala okodzetsa kapena amene ali ndi vuto la impso, chifukwa potassium akakwera pacemaker imalephera kugunditsa mtima ngakhale diathermy isanayatsidwe.

Njira ya magetsi

Ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuti pleti iikidwe kutali ndi pacemaker, basi. Lamulo limeneli ndi losakwanira, ndipo nthawi zina limavulaza. Chofunika ndi mzere wochokera pamene mukudula kukafika pa pleti: mzere umenewo usadutse pa kabokosi, pa mawaya kapena pa mtima. Taganizirani mayi amene akuchotsedwa chithokomiro, pacemaker yake ili kumanzere, ndipo namwino wamata pleti pa ntchafu ya kumanzere monga mwa chizolowezi. Pleti ilidi kutali, koma magetsi onse ochokera pakhosi akutsika kudzera pachifuwa, pamene pali chipangizo ndi mawaya ake. Kwa mayi ameneyu pleti iyenera kukhala kuseri kwa phewa la kumanja, kuti magetsi ayende mtunda waufupi n'kutuluka asanafike pamtima.

Mchombo ndiwo malire amene akatswiri amagwiritsa ntchito. Opaleshoni ya m'munsi mwa mchombo, pleti ili pa ntchafu kapena pa thako, kawirikawiri sisokoneza chipangizo chimene chili pamwamba pa chifuwa, chifukwa magetsi akulowera kumiyendo. Muli maopaleshoni ambiri a tsiku ndi tsiku m'gulu limeneli: phudzi, hernia ya m'mphechepeche, prostate, opaleshoni yotulutsa mwana, mafupa a m'chiuno ndi a miyendo. Pa amenewa nthawi zambiri simufunika kusintha kanthu pa chipangizocho. Chokwanira ndi kuyang'anira mtima bwino ndi kukhala ndi maginito pafupi. Malire amenewa sagwira ntchito ngati kabokosi kanaikidwa pamimba, monga zimakhalira kwa ana ena ndi kwa anthu amene anaikidwa kalekale.

Kumtunda kwa mchombo chiopsezo chimakula pamene mukuyandikira chifuwa, ndipo chimakhala chachikulu zedi mukafika mkati mwa masentimita 15 kuchokera pa kabokosi kapena pa mawaya. Pa opaleshoni ya ndulu kapena ya chifu, ikani pleti pa ntchafu kapena pa thako la kumanja kuti magetsi atsike. Pa dzanja kapena mkono, pleti ikhale pa mkono womwewo ngati malo alipo. Bere kapena khwapa la mbali imene kuli chipangizo ndi malo amene monopolar iyenera kupewedwa ndithu. Pamenepo gwiritsani ntchito mpeni wamba, ulusi womangira mitsempha ndi bipolar, ngakhale ntchito ichedwe. Madokotala ankachotsa mabere ndi zithokomiro diathermy isanabwere, ndipo luso lomanga mtsempha ndi ulusi silinathe ntchito.

Pleti imatidwe yonse pa mnofu wochindikala, pa khungu louma ndi lometedwa, osati pa fupa, pa chipsera kapena pamwamba pa chitsulo chimene chinaikidwa m'thupi. Pleti yosagwira bwino imachititsa kuti magetsi afunefune njira zina zotulukira, monga timapepala ta ECG ta pachifuwa. Kumene mukugwiritsabe ntchito pleti yachitsulo yolowetsa pansi pa wodwala, ikhale pansi pa thako kapena ntchafu, ndipo wina aione pambuyo pomusuntha wodwalayo, chifukwa imatha kutsetsereka n'kukafika kumsana. Mphasa zazikulu zoyala pa tebulo lonse, zimene zimagwira ntchito ya pleti, si zabwino kwa odwala awa, popeza zimafika mpaka pansi pa chifuwa ndipo simungathe kulamula kumene magetsi alowere. Chingwe cha diathermy nachonso chisagone pachifuwa pamwamba pa kabokosi.

Maginito

Palibe chida chimene anthu amachikhulupirira mopitirira muyeso pa nkhaniyi kuposa maginito. Ena amangoti ikani maginito, ngati kuti ndi chithumwa. Zimene maginito amachita zimadalira mtundu wa chipangizo, ndipo munthu amene sadziwa kusiyanako akhoza kuganiza kuti wateteza wodwala pamene sanachite kanthu.

Maginito a kuchipatala ndi ozungulira, a bowo pakati, amphamvu pafupifupi ma gauss 90. Mukawaika pamwamba pa pacemaker wamba, imasiya kumvetsera ndipo imagunditsa mtima pa liwiro limodzi losasintha, kaya pali phokoso la diathermy kapena ayi. Liwirolo limasiyana malinga ndi kampani: Medtronic ndi 85 pa mphindi, Biotronik 90, MicroPort imene kale inali Sorin 96, pamene Boston Scientific ndi Abbott imene kale inali St Jude ndi 100 kapena pafupi ndi pamenepo. Manambala amenewa ndi othandiza pawiri. Amakuuzani kuti maginito agwiradi, ndipo liwiro likakhala lotsika kuposa pamenepa, monga 65 pa Medtronic kapena 85 pa Boston Scientific, ndi chizindikiro chakuti batire yatsala pang'ono kutha. Yesani maginito wodwala asanagone, ECG ili pakanema, kuti muone ndi maso anu zimene chipangizo chake chimachita. Pali zipangizo zimene katswiri akhoza kuziuza kuti zisamayankhe maginito. Ma pacemaker ambiri a Biotronik amangogunda maulendo 10 pa liwiro la maginito kenako n'kubwerera mwakale. Ndipo Micra siyankha maginito m'pang'ono pomwe.

Si wodwala aliyense wa pacemaker amene ayenera kuikidwa maginito. Ngati mtima wake ukugunda wokha pa liwiro lofanana kapena loposa la maginito, pacemaker yosamvetserayo imapikisana ndi mtimawo, ndipo kugunditsa kukagwera pa nthawi yolakwika, makamaka mumtima wosowa mpweya kapena wa mchere wosokonekera, kukhoza kuyambitsa ventricular fibrillation. Choncho maginito ndi a wodwala wodalira pacemaker amene akuchitidwa opaleshoni ya monopolar kumtunda kwa mchombo, kapena amene mwaona kuti mtima wake ukuima diathermy ikalira. Kwa ena onse, maginito akhale pafupi ndi wogonetsa, osati pachifuwa.

Pa ICD nkhani ndi ina kotheratu. Maginito amaimitsa mbali yozindikira ndi kumenya mtima wothamanga, koma sasintha mbali ya pacemaker imene ili mkati mwa ICD kuti ileke kumvetsera. Izi zikutanthauza kuti wodwala wa ICD amene amadaliranso chipangizocho kuti mtima wake ugunde satetezedwa ndi maginito ku vuto la mtima kuima. Watetezedwa ku kumenyedwa kokha. Kwa munthu wotere, ngati opaleshoni ili kumtunda kwa mchombo, monopolar siingapeweke, ndipo opaleshoniyo ikhoza kudikira, maganizo anga ndi akuti atumizidwe kumene kuli programmer ndi munthu wodziwa kuigwiritsa ntchito. Ulendo wake ndi wodula, koma chiopsezo chimene mungatenge pomuchita opaleshoni pomwepo n'chachikulu kuposa mtengo wa ulendowo.

Vuto lina la ICD ndi lakuti ECG kawirikawiri sisintha mukaika maginito, ndiye simungaone ngati agwira. Za Medtronic zimalira kwa masekondi angapo ndipo za Boston Scientific zimalira mobwerezabwereza, mawu amene mungawamve bwino ndi stethoscope, pamene za makampani ena zimakhala chete. Chifukwa cha zimenezi maginito aikidwe ndendende pamwamba pa kabokosi, amatidwe ndi pulasitala wamphamvu, ndipo wogonetsa athe kuwafikira ndi dzanja pansi pa nsalu nthawi yonse. Kwa munthu wonenepa kwambiri maginito akhoza kulephera kufika pa chipangizocho. Wodwala wogona chafufumimba kapena cham'mbali, komanso amene chifuwa chake chili m'dera lotsukidwa la opaleshoni, maginito sangadaliridwe, ndipo pamenepo programmer ndiyo njira yoyenera. Ubwino wa maginito ndi wakuti mukawachotsa, chipangizocho chimabwerera pa ntchito yake nthawi yomweyo, pamene ICD yozimitsidwa ndi programmer imakhala yozima mpaka wina atakumbukira kuiyatsa.

M'chipinda cha opaleshoni

Pa nthawi imene gulu limaima kaye kuti liwerenge mndandanda wa WHO wa chitetezo pa opaleshoni, wogonetsa anene mokweza mtundu wa chipangizo, mbali imene chili, ngati wodwala amachidalira, pamene pali pleti ndi amene wasunga maginito. Defibrillator, makina omenyera mtima ndi magetsi kudzera pachifuwa, ikhale m'chipindamo, yoyesedwa ndiponso ya batire yodzaza, ndipo ngati ili ndi mbali yogunditsa mtima kudzera pakhungu, wina adziwe kuiyatsa. Kwa wodwala wa ICD imene yaimitsidwa, ndi kwa wodalira pacemaker amene akuchitidwa opaleshoni ya kumtunda, matani mapadi a defibrillator musanafunditse nsalu, limodzi kutsogolo kwa chifuwa, lina kumsana, onse atatalikira kabokosi ndi masentimita 8 kapena kuposa. Kuyambira pamene ICD yaimitsidwa, inuyo ndi amene mwatenga ntchito yake, ndipo wodwalayo asasiyidwe popanda makina oyang'anira mtima ngakhale kwa mphindi imodzi, ngakhale pa khonde popita ku chipinda chotsitsimukira.

ECG yokha siikwana. Diathermy ikalira, kanema amadzaza mizere yosokonekera pa nthawi yeniyeni imene mukufuna kuona mtima, ndipo makina ena amawerenga timizere ta pacemaker ngati kugunda ngakhale mtima sunayankhe. Pulse oximeter, kachipangizo kopanira pachala, ndiyo imakuuzani zoona, chifukwa funde lake ndi kulira kwake zimachokera ku magazi amene afika kuchala. Kwezani mawu ake kuti dokotala wodula nayenso azimva. Pa opaleshoni yaikulu arterial line, kapaipi koyeza BP mkati mwa mtsempha, imachita ntchito yomweyo bwino koposa, ndipo zonse zikasowa chala cha wogonetsa chikhale pa mtsempha wa pakhosi kapena pa dzanja. Ngati monitor ili ndi batani loonetsa timizere ta pacemaker, liyatseni. Ngati imayeza kapumidwe kudzera pa mawaya a ECG ndipo mtima wayamba kuthamanga pa liwiro limodzi losasintha popanda chifukwa, zimitsani mbali yoyeza kapumidweyo muone.

Dokotala wodula ali ndi mbali yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Agwiritse ntchito bipolar paliponse pamene ingakwanitse. Akafuna monopolar, aike mphamvu yotsika imene ikugwirabe ntchito, ndipo aziponda kwa nthawi yaifupi, yosapitirira masekondi 4 kapena 5, n'kupumira mpaka amve pulse oximeter ikulira maulendo angapo asanapondenso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mtima ukaima masekondi atatu magazi amabwereranso popanda vuto, koma ukaima masekondi 20 ubongo umavutika, ICD nayo imafuna masekondi angapo kuti izindikire ndi kudzaza mphamvu, ndipo phokoso likatha msanga nthawi zambiri imaleka yokha. Mbali ya coag, yoletsa magazi, imagwiritsa ntchito ma volt ambiri kuposa ya cut, yodula, ndipo imasokoneza kwambiri, makamaka ya spray. Asaponde nsonga ili m'malere isanakhudze mnofu, ndipo asaigwiritse ntchito pamwamba pa kabokosi.

Wogonetsa akumbukire kuti kunjenjemera kwa minofu kumene suxamethonium, mankhwala ofooketsa minofu pogonetsa, imabweretsa, ngakhalenso kunjenjemera kwa kuzizidwa, nthawi zina chipangizo chimakumva ngati kugunda kwa mtima. Akumbukirenso kuti wodwala wodalira pacemaker sathamangitsa mtima akataya magazi kapena BP ikatsika ndi jakisoni wa pamsana, kotero liwiro la mtima losasintha lisamupusitse kuti zonse zili bwino.

Zinthu zikasokonekera

Kulira kwa pulse oximeter kukaleka kapena kukachedwa, mawu oyamba ndi akuti dokotala aleke diathermy. Nthawi zambiri mtima umabwerera pomwepo. Ukabwerera, onani pleti, chepetsani mphamvu, fupikitsani nthawi yoponda, ndipo ngati ndi pacemaker ikani maginito musanapitirize. Ukapanda kubwerera, ikani maginito, yambani kupopa chifuwa ngati palibe kugunda, yatsani kugunditsa kwa pakhungu, perekani adrenaline, ndipo fufuzani mpweya, potassium ndi asidi wa m'magazi. Atropine sathandiza kwenikweni pa complete heart block, choncho musataye nthawi kumudikira.

Wodwala wa ICD akalowa mu ventricular fibrillation kapena ventricular tachycardia (kuthamanga koopsa kwa zipinda zam'munsi za mtima) yeniyeni maginito ali pachifuwa, lekani diathermy ndipo chotsani maginito. Chipangizocho chidzazindikira n'kumenya chokha m'masekondi ochepa. Pamene mukudikira, dzazani defibrillator yanu, ndipo ICD ikachedwa menyani inuyo. Ngati ICD inazimitsidwa ndi programmer, palibe chodikira. Mphamvu ya defibrillator ndi yomwe mumagwiritsa ntchito kwa munthu wina aliyense, ndipo kuopa kuwononga chipangizo kusachedwetse kumenya.

Pa opaleshoni yadzidzidzi, monga matumbo opotana pakati pa usiku, simudzakhala ndi khadi kapena nthawi yoimba foni. Papasani kabokosi, jambulani X-ray ya pachifuwa ngati n'kotheka kuti musiyanitse pacemaker ndi ICD, onani ECG, matani mapadi, ikani pleti pa ntchafu, ndipo yesani maginito. Liwiro likasintha n'kukhala limodzi mwa manambala aja, kawirikawiri ndi pacemaker ndipo maginito akugwira. Likapanda kusintha, chitengeni ngati ICD: siyani maginito pamenepo pa opaleshoni ya kumtunda kwa mchombo, ndipo ngati ECG ikuonetsa kuti wodwala amadalira kugunditsidwa, chitetezo chake chatsala m'phazi la dokotala woponda diathermy.

Opaleshoni ikatha

Chotsani maginito diathermy ikangotha ntchito, wodwala akadali pa monitor, ndipo onani kuti liwiro labwerera pamene linali asanagone. Musaike maginitowo pa bedi la wodwala kapena m'thumba la malaya la munthu amene aweramire pachifuwa chake. Chipangizo chiyenera kuyezedwa ndi programmer wodwala asanachotsedwe pa monitor ngati chinasinthidwa opaleshoni isanayambe, ngati mtima unaima kapena wodwala anamenyedwa ndi defibrillator kapena ndi ICD yake, ngati opaleshoni inali ya pachifuwa kapena ya kutaya magazi ambiri, ngati inali yadzidzidzi ya kumtunda kwa mchombo, kapenanso ngati ECG yatsopano ikusiyana ndi yakale. Liwiro latsopano losasintha limene silinalipo kale, kapena timizere ta pacemaker tosatsatidwa ndi kugunda, ndi zizindikiro zakuti chipangizocho chasokonekera, ndipo wodwala wotere asamutsidwe pa ambulansi yokhala ndi monitor ndi defibrillator. Amene anachitidwa opaleshoni ya monopolar popanda vuto lililonse akhoza kukayezetsa mkati mwa mwezi umodzi.

Lembani m'buku lake la kuchipatala mtundu wa chipangizo, kampani, liwiro limene munaona pa maginito, mtundu wa diathermy, pamene panali pleti ndi chilichonse chimene chinachitika, chifukwa mnzanu amene adzamulandire zaka zikubwerazi adzayambira pa zimene mwalembazo. Ngati ICD inazimitsidwa ndi programmer, dzina la amene adzaiyatse ndi nthawi yake zilembedwe pa fayilo ndipo namwino wolandira wodwala auzidwe pakamwa. Wodwalayo ndi womudikirira auzidwe kuti akaona chizungulire, kukomoka, chidikhodikho chosatha, kugunda kwachilendo kapena kumenyedwa ndi chipangizocho, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula khadi ndi buku lake.